Ngozi inawalanda lipenga, a Baker anatenga choko

Pa Youth Day kapena pa Independence, brass band ya apolisi kapena ya asilikali ikamadutsa mumsewu, basi imaima ndipo mitu yonse imatulukila pa windo. Olo kondakita amaiwala za chenji kwa mphindi ziwili. Kutsogolo kwa bandi kumakhala anyamata oliza lipenga lija lalitali, limene dzanja lamanja limakankha na kukoka monga munthu amene apopa njinga. Dzina lake ni trombone. Amawaika pamzele woyamba cifukwa lipengalo lifuna malo. Mukawaika kumbuyo, mnzawo wa kutsogolo adzagundidwa pankhongo nyimbo isanafike pakati.

Ambili a ife timalidziwa monga lipenga la pa parade, la pamalilo, kapena la anyamata a Boys' Brigade ku chalichi. Zakuti munthu angadyele lipenga limeneli mpaka kukhala pulofesa ku yunivesiti, sitiganizako. Lelo nifuna tikambe za munthu amene anayenda njila imeneyo, a David Baker a ku America, amene anamwalila pa 26 March 2016 ali na zaka 84. Nkhani yawo ili na ngozi ya motoka pakati pake, ndipo ili na funso limene likhudza aliyense amene adyela luso la thupi lake: tsiku limene thupi lidzakana, cidzatsala n'ciani?

Lipenga lopanda mabatani

Kuti mumvetse zimene zinawacitikila, muyambe mwalidziwa lipengalo. Trombone ni paipi yacitsulo yotalika pafupi-fupi mamita 2.7 mukaiwongola, koma anaipinda kuti inyamulike. Dzinalo ni la Citaliyana, litanthauza trumpet yaikulu, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kweni-kweni kucokela m'zaka za m'ma 1400. Ilibe mabatani monga trumpet. Ili na mbali imene imatsetseleka: woliza akaikankha, paipi italika ndipo mawu atsika, akaikoka, paipi ifupika ndipo mawu akwela. Pali malo 7 pamene dzanja liyenela kuima, koma palibe cizindikilo ciliconse colembedwa pa citsulo. Ukaphonya na cala cimodzi cabe, wacoka pa key. Khutu ndilo litsogolela dzanja.

Mawu eni-eni acokela pamilomo. Woliza amatseka milomo n'kuinjenjemeletsa na mpweya mu kakapu kacitsulo kamene kali kumapeto kwa paipi, ndipo paipi ingokulitsa kunjenjemela kuja. So milomo, mano, nsagwada na minofu ya kumaso ndiyo injini ya lipenga. Munthu amatha zaka akuumba minofu imeneyi, ndipo nsagwada ikasuntha pang'ono cabe, zonse zimene anaphunzila zisokonezeka. Sungani mfundo iyi, tidzaifuna kutsogolo.

Masukulu awili a Indianapolis

A Baker anabadwa pa 21 December 1931 mu mzinda wa Indianapolis, m'cigawo ca Indiana. Masiku amenewo mwana wakuda mu mzindawo sanali kusankha sekondale. Akulu-akulu a mzinda anamanga sukulu imodzi, Crispus Attucks High School, imene inatsegulidwa mu 1927, kuti ana akuda asamakhale kalasi imodzi na ana a azungu. Akulu athu amene anagulako nyama pa windo ya buchala nthawi ya Federation adziwa mtima umene unamanga sukulu imeneyo.

Koma tsankho linabala cinthu cimene eni ake sanaganizile. Aphunzitsi akuda ophunzila kwambili, ena a madigili awili, ena madokota a maphunzilo, analibe kwina kokagwila nchito, cifukwa masukulu a azungu sanali kuwalemba. Anadzazana pa Attucks. Mwana wa munthu wamba anali kuphunzitsidwa na anthu amene kwina akanakhala mapulofesa, ndipo mbali ya nyimbo inali yolimba maningi. A J.J. Johnson anapitila pa sukulu yomweyo. Iwo ndiwo anaonetsa dziko kuti trombone, imene anthu anali kuiona monga lipenga lolemela la kumbuyo, ingathamange mofanana na saxophone. Pambuyo pake anaphunzitsako a Baker.

Sukulu yaciwili inali mumsewu. Indiana Avenue unali msewu wa mabizinesi a anthu akuda, wodzaza na makalabu a usiku, ndipo nyimbo yake inali jazz, imene anthu akuda a ku America anaiyambitsa ku New Orleans kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kumeneko kunali kuliza Wes Montgomery wa gitala, amene masana anali kugwila nchito ya welding, usiku n'kuliza mpaka mbandakuca. Kunali Freddie Hubbard wa trumpet na Slide Hampton, winanso wa trombone. Mnyamata anali kuphunzila pomvetsela, poyesa, na posekedwa akalakwitsa. Palibe amene anali kulemba ciliconse pa bolodi. A Baker anakulila m'masukulu awiliwa, ya buku na ya khutu, ndipo nchito ya moyo wawo wonse inadzakhala yowakumanitsa.

Zitseko zotseka

Atamaliza sekondale anapita ku Indiana University mu tauni ya Bloomington. Anatenga digili yoyamba ya uphunzitsi wa nyimbo mu 1953, na ya masters mu 1954. Anaphunzila nyimbo za classical, zija za orchestra, bandi yaikulu ya ma violin na malipenga imene iliza zolembedwa papepala. Koma ma orchestra akulu a ku America panthawiyo anali pafupi-fupi a azungu okha-okha. Munthu wakuda olo alize bwanji, mpando kunalibe.

Anapeza nchito ya uphunzitsi ku Lincoln University m'cigawo ca Missouri, koma kumenekonso sanakhalitse. Anakwatila mkazi wacizungu, woimba nyimbo za opera, ndipo lamulo la Missouri linali kuletsa cikwati ca munthu wakuda na mzungu. Nchito inathela pamenepo. Malamulo aconco anadzathetsedwa na khoti yaikulu ya America mu 1967, patapita zaka pafupi-fupi zitatu Zambia italandila ufulu.

Citseko cimene cinali cotseguka ni ca jazz. Analizako m'mabandi akulu a Lionel Hampton, Stan Kenton na Maynard Ferguson, ndiponso mu bandi ya Quincy Jones, uja amene anadzakonza cimbale ca Thriller ca Michael Jackson. Mu 1959 anapita ku Lenox School of Jazz ku Massachusetts, maphunzilo a masabata ocepa a pa holide, ndipo kumeneko anakumana na a George Russell.

A Russell anali woliza piano wokonda kufufuza. Mu 1953 anatulutsa buku lofotokoza mmene manoti a jazz amagwilizanilana, la mutu wakuti Lydian Chromatic Concept of Tonal Organization, limene ambili amati ndilo buku loyamba la theory locokela mkati mwa jazz yeniyeni. Anatenga a Baker mu kagulu kawo ka anthu 6, ndipo kuyambila 1960 mpaka 1962 anajambula zimbale monga At the Five Spot, Stratusphunk, Ezz-thetics na The Stratus Seekers. Ngati muli na bundle, sakilani Ezz-thetics ya 1961 pa YouTube. Mudzamva lipenga lija la pa parade likupikisana na saxophone ya Eric Dolphy popanda kutsalila. Nyimbo ya mutu wakuti Honesty pa cimbale cimeneco anaipeka ni a Baker.

Mu 1962 magazini ya DownBeat, imene oimba jazz amaiopa na kuilemekeza, inawasankha kukhala nyenyezi yatsopano ya trombone. Anali na zaka 30. Ndico caka cimene anaika lipenga pansi.

Ngozi imene inacedwa kulipilitsa

Ngoziyo inali itacitika kale mu 1953. Motoka imene anakwela inacita ngozi ndipo anavulala kumaso na nsagwada. Anaoneka monga acila, n'kubwelela ku lipenga. Kwa zaka pafupi-fupi 9 analiza na nsagwada yosakhala bwino, minofu ya kumaso ikuvutika kukonza zimene ngozi inawononga. Vuto linakula pang'ono-pang'ono mpaka sizinathekenso kuliza pa mlingo umene nchito yawo inali kufuna.

Ife a m'mabasi tiudziwa mtundu uwu wa ngozi. Nkhani imachula amene afa na amene agonekedwa ku cipatala, mawa lake yatha. Sitimvanso za telala amene dzanja lake silinabwelele mwakale, kapena bilikileya amene msana unayamba kumuvuta patapita zaka zisanu. Anthu aconco anatuluka m'cipatala na miyendo yawo, abale anathokoza Mulungu, koma nchito yawo inatsala pamsewu paja.

A Baker anayambanso pa ziro. Anasankha cello, violin yaikulu imene munthu aliza atakhala pampando, ataiika pakati pa miyendo. Cello sifuna milomo, ifuna zala na mkono. Akatswili ake ambili amayamba ali ana aang'ono, ndipo mu jazz inali yosowa kwambili. Iwo anayamba ali munthu wamkulu, dzina lawo lili kale m'magazini, n'kubwelela ku zoyeseza za mwana wa Grade 1. Pofika 1967 anali atamveka kale akuliza cello pa cimbale ca Charles Tyler ca Eastern Man Alone. Pambuyo pake anaphunzilako kwa a Janos Starker, mmodzi wa akatswili a cello a dziko lonse, amene anali kuphunzitsa pa Indiana pomwepo, ndipo anadzawapekela nyimbo zoti alize.

Sinifuna kukunamizani ati ngoziyo inali dalitso. Ngozi ni ngozi. Inacotsa woliza wapamwamba panthawi imene dziko linali litangoyamba kumumva, ndipo zimbale zimene akanajambula sitidzazimva. Cimene ningakambe n'cakuti inapeza munthu amene anali na cuma cina m'mutu. Anali kudziwa cifukwa cake zimene aliza zimveka bwino, ndipo anali wokhoza kufotokozela wina.

Jazz ilowa m'kalasi

Mu 1966 Indiana University inawalemba nchito. Sukulu ya nyimbo ya pamenepo ni imodzi mwa zikulu-zikulu ku America, koma mtima wake unali pa classical. Mapulofesa ambili m'masukulu otelo anali kuona jazz monga nyimbo za m'mabala, zosayenela digili. Kumbali inayo, oimba ena akale anali kukamba kuti jazz siphunzitsidwa, munthu amabadwa nayo kapena amaitola m'kalabu. A Baker anaima pakati pa magulu awiliwa. Mu 1968 anakhazikitsa maphunzilo a digili ya Jazz Studies, amodzi mwa oyambilila m'dziko lonselo, ndipo anawatsogolela mpaka 2013. Ni zaka 45. Mwana amene anabadwa caka cimene anayamba anali atamela imvi pamene iwo anali kucoka pa mpando.

Vuto loyamba linali la mabuku. Kalasi ilipo, ana alipo, koma mabuku ophunzitsila jazz anali owelengeka. Mu jazz, bandi ikaliza nyimbo kamodzi, woliza aliyense amapatsidwa mpata wopeka zake pomwepo pa siteji, pamwamba pa ma chord amene anzake akuliza. Manje uphunzitsa bwanji munthu kupeka cinthu cimene sicinalembedwe? A Baker anakhala pansi na zimbale za akatswili, kumvetsela mobweleza-bweleza, kulemba noti iliyonse, na kufufuza zimene akatswiliwo anali kucita kawili-kawili olo kuti eni ake sanazipatse dzina.

Mu 1969 anatulutsa buku la Jazz Improvisation. Mu 1973 linatuluka lina lofotokoza kalizidwe ka oliza trombone a jazz, mmodzi-mmodzi. Munthu amene lipengalo linamukana ndiye anasungila dziko kalizidwe kake. Kenako kunabwela mabuku a kalizidwe ka Miles Davis, John Coltrane, Sonny Rollins na Clifford Brown, buku la aphunzitsi anzawo la Jazz Pedagogy, na mabuku atatu a How to Play Bebop. Onse pamodzi anapitilila 60.

Noti imodzi yowonjezela

Lekani nikupatseni citsanzo cimodzi kuti muone mtundu wa nchito imene nikamba. Amene muimba kwaya mudziwa do, re, mi, fa, so, la, ti. Ni manoti 7. Nyimbo zambili za jazz ziyenda na mabiti anayi, ndipo woliza akathamanga amaika manoti awili pa biti iliyonse, kutanthauza manoti 8. Seveni silowa bwino mu eiti. Ukakwela manoti 7 aja motsatana, upeza kuti do wapamwamba wagwela pakati pa mabiti, ndipo ukapitiliza, manoti olimba amene agwila nyimbo amakhala pamalo olakwika. Khutu limamva monga munthu atsimphina.

Oliza a m'ma 1940 monga Charlie Parker na Dizzy Gillespie anali kuwonjezela noti imodzi yodutsilapo, ndipo khutu ndilo linali kuwauza poiika. Mwacitsanzo, pakati pa so na la muikepo se: do, re, mi, fa, so, se, la, ti, do. Ombani m'manja pa noti yoyamba, lumphani yaciwili, ombaninso pa yacitatu, conco-conco. Mudzapeza kuti manja agwela pa do, mi, so, la, na do wapamwamba. Zonse zakhala m'malo mwake. Ngati muyesa muli m'basi, yesani camumtima, anzanu angaganize zina.

A Baker ndiwo anachukitsa dzina lakuti bebop scale, ndipo anaiika m'maphunzilo oti mwana angayeseze yekha kunyumba. Sanaipeke iwo. Inali kale m'zala za akatswili. Nchito yawo inali kuicotsa m'zala n'kuiika pa pepala.

Ganizilani makanika wa pa garaji amene amamva injini n'kudziwa kuti vuto ni timing. Mukamufunsa kuti wadziwa bwanji, ayankha ati nimvela cabe. Mnyamata wophunzila nchito kwa iye angathe zaka zisanu akungoyang'ana na kupeleka sipanala. Koma makanika amene angakambe kuti mvetsela apa, phokoso ili likabwela pambuyo pa ili ndiye kuti vuto lili apo, wafupikitsa zaka zisanu zija kukhala miyezi. Onse awili adziwa injini. Waciwiliyo ndiye mphunzitsi.

Amene amatsutsa

Si onse amene anakondwela kuona jazz itavala gauni ya yunivesiti. Mpaka lelo pali okamba kuti jazz ya m'kalasi ilibe fungo la mumsewu. Ati ana onse awelenga mabuku amodzi-modzi, ayeseza ma scale amodzi-modzi, ndipo atuluka akumveka cimodzi-modzi. Muli zoona mmenemo. Buku lingakuonetse njila, koma nkhani yokamba uyenela kubwela nayo wekha. Cina, nyimbo imene inabadwila m'makomboni a anthu akuda inayamba kufuna ndalama za sukulu zimene ana ambili a m'makomboni omwewo sangakwanitse.

Koma tiyang'anenso zimene zinali kucitika kunja kwa kalasi. Pamene a Baker anali kuyamba maphunzilo awo ku Bloomington, sukulu ya mumsewu ku Indianapolis inali kufa. Makalabu a Indiana Avenue anali kutsekedwa. Nyumba zambili za m'dela limenelo zinagwetsedwa kuti papite misewu ikulu-ikulu na kuti pamangidwe kampasi ya yunivesiti. Acinyamata anali atatembenukila ku rock na soul. Malo amene mnyamata anali kuphunzilila posekedwa anasanduka popaka mamotoka. Ine niona kuti pakanapanda anthu monga a Baker, zambili zimene msewu uja unali kudziwa zikanapita kumanda pamodzi na eni ake. Ndipo mabuku awo samuuza wophunzila kuti aleke kumvetsela. Amamubwezela ku zimbale zomwezo: mvetsela, tengela, sunga pamtima, ndiye upeke zako.

Yankho lina lili mu anthu amene anapitila m'manja mwawo. Pali Randy Brecker wa trumpet na mng'ono wake Michael Brecker wa saxophone, amene anawina ma Grammy 15. Pali Peter Erskine, amene anadzaliza ng'oma mu gulu la Weather Report. Pali Chris Botti wa trumpet, amene anayenda na Paul Simon na Sting, ndiponso John Clayton wa bass na Jeff Hamilton wa ng'oma. Mukawamvetsela anthu awa, palibe amene amveka monga mnzake.

Winanso ni Jamey Aebersold, amene anaphunzila kwa a Baker ndipo kuyambila 1967 anayamba kutulutsa mabuku okhala na cimbale mkati. Pa cimbaleco piano, bass na ng'oma ziliza, koma malo a woliza wotsogola ni opanda munthu, monga karaoke ya oliza. Mwana amene alibe bandi amaliza nayo m'cipinda cake. Mabuku amenewo anafalikila dziko lonse, ndipo kwa zaka zambili a Baker anali kuphunzitsa pa misasa ya pa holide imene Aebersold anali kukonza.

Mafoni mu holo

Choko sicinawaletse kupeka nyimbo. Analemba mazana-mazana, za bandi ya jazz, za kwaya, na za ma orchestra a mtundu uja umene unalibe mpando wa munthu wakuda pamene iwo anali mnyamata. Mu 1968, Martin Luther King ataphedwa, analemba nyimbo yaitali yomukumbukila ya mutu wakuti Black America. Mu 1973 ina ya mutu wakuti Levels inaikidwa pa mpikisano wa mphoto ya Pulitzer. Kuyambila kuciyambi kwa ma 1990 mpaka 2012 anatsogolela Smithsonian Jazz Masterworks Orchestra ku Washington, bandi ya nyumba yosungila mbili ya dziko, imene nchito yake ni kuliza nyimbo za akale monga Duke Ellington na Count Basie kuti zisangogona m'makabati. Mu 2000 bungwe la boma la National Endowment for the Arts linawapatsa ulemu wa Jazz Master, umene ni waukulu kwambili kwa woimba jazz m'dzikolo.

Koma imene niikonda ine ni ya 2006. Mu holo ya nyimbo za classical, foni yako ikalila, anthu amakuyang'ana monga waba nkhuku. Wotsogolela orchestra ya Chicago Sinfonietta, a Paul Freeman, anapempha a Baker, amene panthawiyo anali na zaka 74, kuti alembe nyimbo ya orchestra na mafoni a m'manja. Pa tsikulo omvetsela anauzidwa kuti asazime mafoni awo. Panali malaiti a green na red, monga pa maloboti, ouza anthu nthawi yoliza ma ringtone awo. Orchestra inali kuliza zake, mafoni akulowelela, nthawi zina kugwilizana, nthawi zina kulimbana. Imwe amene mumamva mafoni asanu akulila nthawi imodzi pa jam ya Kafue roundabout, wina kwaya, wina kalindula, wina tambala, mulidziwa phokoso limene nikamba. Mdala uja anamvamo nyimbo.

Cimene cinatsala

Tikawelengela, a Baker analiza trombone pa mlingo wapamwamba kwa zaka zocepa, ndipo zimbale zimene mungawamvelepo na lipengalo n'zowelengeka. Pa Indiana University anakhalapo zaka pafupi-fupi 50. Dipatimenti imene anayamba ikali kulandila ana caka na caka, mabuku awo akali kugulitsidwa, ndipo ambili mwa amene anawaphunzitsa nawonso ni aphunzitsi manje. Mu 2011 Monika Herzig, woliza piano amene anaphunzila pa Indiana, anatulutsa buku la moyo wawo, ndipo mawu oyamba analemba ni Quincy Jones.

Muno mu tauni, oliza malipenga ambili amayambila ku chalichi, ku Salvation Army kapena ku Boys' Brigade, ena m'mabandi a apolisi na asilikali, ndipo ocepa amafika ku Evelyn Hone College kukaphunzila nyimbo. Kumbuyo kwa aliyense wa iwo kuli bandmaster amene dzina lake silimveka pa wailesi, amene anapilila miyezi ya phokoso la mwana wongoyamba kumene. Tikaombela m'manja bandi, timaombela nchito ya munthu ameneyo osadziwa.

Nyimbo zathu nazo zifuna munthu wa mtima wa a Baker. Gitala ya Paul Ngozi, amene anamwalila mu 1989, ikali pa zimbale, koma cimbale siciyankha mafunso. Mwana amene afuna kudziwa mmene bass ya kalindula imayendela, kapena mmene anyamata a Zamrock anali kupezela mawu aja pa gitala, afunika munthu womuonetsa pang'ono-pang'ono. Amene adziwa akucepa caka na caka. Amene akali moyo afunika wina wokhala nawo pansi na kope na foni yojambula, wofunsa kuti apa mumacita bwanji, nanga cifukwa ciani.

Ndipo nkhaniyi siithela pa oimba. A Baker ngozi inawapeza ali na zaka 21, ndipo inawapatsa zaka 9 isanawalande lipenga. Ambili sapatsidwa notisi yaitali conco. Ngati ndimwe makanika, telala, kalipentala kapena woyendetsa basi ino imene takwela, muli na mnyamata kapena mtsikana pafupi amene amangoyang'ana manja anu tsiku lonse. Mawa mukamutuma sipanala ya 13, muuzenso cifukwa cake simunapemphe ya 14.